Funsani Tikuyankheni: Mamendulo a Che Kaputeni ndi Meja wa pa Mpando wa Komiti

Makalata amene afika pa tsamba lino mwezi uno kuchokera m'boma la Mangochi akukhudza nkhani imodzi, ya anthu amene anavala yunifomu ya usilikali, natumikira dziko, kenaka n'kubwerera kumudzi kukakhala pakati pa abale awo. Ndasankhapo anayi, ndipo mayina a olemba ndawabisa monga timachitira nthawi zonse.

FUNSO: Akonzi, agogo anga aamuna, amene mudzi wonse unkawatchula kuti Che Kaputeni, anatisiya ine ndili wamng'ono. Posachedwapa, pokonza denga la nyumba yawo, tinatsegula sutukesi yawo yachitsulo n'kupezamo kachitini komwe munali mamendulo asanu. Awiri ndi a nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, ndipo imodzi mwa nyenyezizo ili ndi kansalu kofiira pakati, m'mbali muli mizere ya buluu ndi ya olenji. Yachitatu ndi yozungulira, ili ndi chithunzi cha mkango utaponda chinjoka. Yachinayi ili ndi kansalu ka pepo kokhala ndi mzere wobiriwira pakati, komanso kachitsulo kolembedwa kuti MALAYA. Yomaliza kumbuyo kwake kwalembedwa kuti FOR BRAVERY IN THE FIELD. Achimwene anga akuti tikagulitse kwa alendo ku Cape Maclear kuti tipeze ndalama ya malata. Kodi mamendulowa akutanthauza chiyani, nanga agogo anali ofesala weniweni kapena linali dzina longowapatsa? Mayi wa ku Namwera.

YANKHO: Mayi, vuto la malata ndi lenileni ndipo sindikulipeputsa, koma ndikupemphani kuti muyambe mwawagwira dzanja achimwene anuwo, chifukwa zimene mwapezazo ndi mbiri yonse ya ntchito ya agogo anu, ndipo momwe mwafotokozeramu ikuwerengeka bwino kwambiri.

Nyenyezi ya kansalu kofiira pakati ndi Burma Star, imene boma la Britain linkapereka kwa amene anamenya nkhondo ku Burma pakati pa Disembala 1941 ndi Seputembala 1945. Inzakeyo iyenera kukhala 1939–45 Star, ndipo ya mkango ija ndi War Medal, yomwe ankalandira aliyense amene anatumikira masiku 28 kapena kuposerapo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pamenepa tadziwa kale kuti agogo anu anali msilikali wa Keyala, gulu la King's African Rifles, lomwe mabataliyoni ake awiri oyambirira anali a ku Nyasaland ndipo kwawo kunali ku Zomba. Chimene chikusowa m'kachitinimo nachonso chikutiuza kanthu. Mulibe Africa Star, imene analandira anzawo omwe analimbana ndi Mataliyana kuyambira ku Moyale mu Julayi 1940, kumene kunachokera dzina la balakisi ya ku Mzuzu, mpaka kugonja kwa Gondar ku Ethiopia mu Novembala 1941. Ngati sinachite kutayika, ndiye kuti agogo anu analembedwa usilikali nkhondo ya ku Ethiopia itatha kale, pa nthawi imene boma la atsamunda linkadzera mwa mafumu kufuna anyamata ochuluka oti akalimbane ndi Japan. Anthu a dziko lino amene anavala yunifomu pa nkhondo imeneyo anali pafupifupi 30,000.

Ambiri mwa asilikali athu amene anapita ku Burma anayamba aphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka. Mu 1944 gulu la 11th East African Division, lomwe munali mabataliyoni a ku Nyasaland, linatumizidwa kukathamangitsa adani m'chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake, nyengo imene misewu inasanduka matope, magalimoto n'kutitimira, chakudya n'kumachita kuponyedwa kuchokera mu ndege. Malungo ndi matenda ena a m'tchire anagwetsa anthu ochuluka, komabe pofika Disembala chaka chomwecho iwo anali atafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. Kanyenyezi kakang'ono mwakagwirako ndi malipiro a miyezi imeneyo.

Mendulo ya kansalu ka pepo ndi General Service Medal, ndipo kachitsulo ka MALAYA kakusonyeza kuti nkhondo itatha, pamene anzawo ambiri anamasulidwa n'kubwerera kukalima, agogo anu anatsalira pa ntchito. Mabataliyoni awiri a ku Nyasaland anasinthana kumenya nkhondo ya m'nkhalango ku Malaya pakati pa 1952 ndi 1954, ndipo munthu amene anafika kumeneko ataona kale za ku Burma mosakayika anali wotsogolera anzake.

Koma yolemera kuposa zonse ndi yomaliza ija, yomwe dzina lake ndi Military Medal. Zinayi zinazo munthu ankalandira chifukwa choti analipo, pamene iyi ankalandira chifukwa cha chinthu chimodzi chodziwika chimene anachita zipolopolo zikulira, ndipo mkulu wake anayenera kulemba pa pepala tsiku, malo ndi zimene anaona, dzina n'kusindikizidwa mu London Gazette, nyuzipepala ya boma la Britain. Itengeni mendulo imeneyi, mukhale nayo pakhonde dzuwa likuwala, muipendeketse n'kuyang'ana m'mphepete mwake mozungulira. Muona timalemba tating'ono tokhomedwa pa chitsulo: nambala ya usilikali, udindo, dzina ndi gulu lawo. Ya Malaya ija nayo ili ndi timalemba totero, pamene nyenyezi ziwirizo zinkaperekedwa zopanda dzina. Muyang'anenso mutu umene uli kumaso kwake. Ngati ndi wa Mfumu George VI, n'kutheka kwambiri kuti anaipata ku Burma, ndipo ngati ndi wa Mfumukazi Elizabeth, ndiye kuti anaipata ku Malaya. Makalata ambiri oyamikira asilikali amene analandira mendulo imeneyi amasungidwa ku National Archives ya ku Kew, ku London, ndipo amafufuzika pa intaneti, choncho mwana wa sukulu amene ali ndi dzina ndi nambala ija angathe kukupezerani nkhani yeniyeni ya tsiku limene agogo anu anaika moyo wawo pachiswe.

Tsopano za u-Kaputeni. Military Medal inali ya asilikali amene sanali maofesala, pakuti ofesala wolimba mtima ankapatsidwa ina yotchedwa Military Cross. Izi siziwachotsera kanthu agogo anu, chifukwa pa nthawiyo munthu wakuda sankaloledwa n'komwe kukhala ofesala mu Keyala, ngakhale akhale wanzeru ndi wolimba mtima chotani. Ankakwera kuchoka pa msilikali wamba kufika pa Kopolo, Sajeni mpaka Sajeni Meja, n'kuima pomwepo, uku mnyamata wachizungu wongotuluka kumene ku maphunziro akumulamulira. Chinenero cha ntchito m'mabataliyoni athu chinali Chinyanja, chomwe maofesala achizungu ankakakamizidwa kuphunzira, ndipo aliyense ankadziwa kuti gulu linkaima pa Sajeni Meja, amene ankadziwa yemwe wadwala, yemwe walandira uthenga wa maliro ndi yemwe mtima wayamba kumuthawa. Dziko litalandira ufulu mu 1964, bataliyoni yoyamba ya Keyala inasanduka Malawi Rifles, koma utsogoleri unakhalabe m'manja mwa azungu mpaka 1972, pamene Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kulamulira gulu lonse la nkhondo, udindo umene anaugwira kufika 1980. M'zaka zosinthira zimenezo dziko linkafuna maofesala akeake mwamsanga, ndipo masajeni meja odziwa ntchito anali m'gulu la amene anakwezedwa. Choncho ngati agogo anu anali akadali pa ntchito ufulu utabwera, dzina la Kaputeni n'lomveka ndithu. Chotsimikizira ndi kabuku kamene msilikali amapatsidwa popuma, komwe muyenera kukafunafuna m'sutukesi momwemo, kapena kaundula wa ku likulu la asilikali ku Kamuzu Barracks. Bungwe la asilikali akale la VELOM ndi nyumba yosungira zolemba zakale ya boma ku Zomba angakuthandizeninso.

Pali mbali ina ya mbiriyi yomwe mamendulo sakamba, ndipo sindingakhale woona mtima nditaidumpha polemba kwa munthu wa ku Namwera. Msilikali amene anali pa ntchito mu Malichi 1959 anali m'gulu limene boma la atsamunda linagwiritsa ntchito pothana ndi anthu okana chitaganya, pa nyengo imene komiti yofufuza ya Devlin inapeza kuti anthu 51 anaphedwa. Amene anali pa ntchito mu Febuluwale 1965 anaona anthu a Henry Masauko Chipembere atalanda Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi boma, usiku umodzi, n'kukatsekeredwa njira pa doko la Liwonde, kenaka asilikali ndi apayoniya n'kulowa m'midzi ya boma lino kusaka otsala, nyumba zikutenthedwa ndipo anthu ambiri osalakwa akuvutika. Mwana wa ku Mangochi wovala yunifomu m'chaka chimenecho ankatumidwa kwawo kwenikweni. Ngati agogo anu sankakonda kukamba za ntchito yawo, mwina chifukwa chake chinali pamenepa. Kumbukiraninso kuti ndalama yothokozera imene analandira nkhondo ya 1945 itatha inali yatsankho, pakuti msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankapatsidwa mashilingi atatu ndi theka. Munthu amene anabwezedwa pang'ono chotero sayenera kuti chotsala chake chigulitsidwenso motchipa pagombe, kwa mlendo amene akudziwa mtengo wake inu musakuudziwa.

Musawakwechese ndi mchenga kapena phulusa, ndipo tinsaluto musatichape. Apukuteni ndi nsalu yofewa, muwasunge pouma, ndipo muwajambule mbali zonse kuti nthambi iliyonse ya banja ikhale ndi chithunzi. Pa tsiku lokumbukira asilikali, Lamulungu lachiwiri la Novembala, mdzukulu amaloledwa kuvala mamendulo a kholo lake, koma kudzanja lamanja, chifukwa kumanzere n'kwa mwini wake yekha.

FUNSO: Akonzi, kwathu kuno tinasankha Meja wina wopuma kuti akhale wapampando wa komiti yathu ya pagombe. Bambowa anatumikirapo ku njanji ya Nacala komanso ku ntchito yosungitsa mtendere kunja, ndipo ali ndi mamendulo ambiri. Zabwino zawo n'zoti ndalama za komiti tsopano zimalembedwa m'buku, misonkhano imayamba pa nthawi yake, ndipo nyanja itatsekedwa analanda ukonde wa udzudzu wa mwana wa mlongo wawo weniweni anthu akuona. Koma pa msonkhano amalankhula okha, wochedwa amamuimika padzuwa, ndipo anyamata awiri amene anagwidwa akukoka khoka usiku anawadumphitsa ngati achule pamchenga akazi awo akuonerera. Amfumu akudandaula kuti sakufunsidwanso kanthu. Kodi lamulo limalola msilikali kukhala pa mpando wotere? Nanga tiwachotse? Bambo wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, kwa Chimwala.

YANKHO: Bambo, funso loyambalo n'losavuta. Malamulo aakulu a dziko lino amaletsa msilikali amene akadali pa ntchito kupikisana pa mpando wa phungu, ndipo gulu la nkhondo limayenera kutalikirana ndi ndale za zipani, koma munthu akapuma amakhala nzika ngati inu ndi ine. Angathe kukhala wapampando wa komiti ya pagombe, ya sukulu, ya mzikiti kapena ya tchalitchi, ngakhale kuima pa chisankho. Dzina la Meja amapita nalo kumudzi ngati ulemu wa ntchito imene anagwira, ndipo n'koyenera kuwatchula motero, koma mphamvu yolamula imene inali m'dzinalo inatsala ku balakisi tsiku limene anabweza katundu wa boma.

Mphamvu imene ali nayo lero inachokera kwa inu amene munawasankha ndi ku lamulo la za usodzi la 1997. Makomiti a pagombe anayambira kwanu komweko ku Malombe cha m'ma 1993, chambo chitatha m'nyanjamo, boma litaona kuti alangizi ochepa ndi boti limodzi sangathe kulondera gombe lililonse, ndipo kuti lamulo lotseka nyanja limagwira pokhapokha asodzi eni ake atalivomereza. Maziko a komiti ndi kuvomerezana kumeneko. Wapampando angalande chida choletsedwa ndi kupereka chindapusa chimene chinalembedwa m'malamulo amene munagwirizana, mogwirizana ndi amfumu ndi a dipatimenti ya za usodzi, koma alibe chilolezo chopereka chilango cha pathupi. Kuimika munthu padzuwa ndi kudumphitsa bambo wa ana pamaso pa mkazi wake n'kulakwa, ndipo ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko imaletsa chilango chonyazitsa munthu. Anyamata awiriwo analakwira nyanja, koma nawonso analakwiridwa, ndipo akuyenera kupepesedwa.

Ngakhale zili choncho, maganizo anga ndi oti musathamangire kuwachotsa. M'magombe ambiri a boma lino vuto la makomiti n'losiyana ndi lanu: wapampando amalandira ndowa ya usipa n'kuyang'ana kumbali, eni zida zikuluzikulu sakhudzidwa, ndipo ndalama ya chindapusa imathera m'thumba. Munthu amene walanda ukonde wa mwana wa mlongo wake, kuno kumene mwana wa mlongo ndi mwana wako weniweni, wachita chinthu chimene ambiri a ife sitingathe. Ganiziraninso kumene khalidwe lawolo linaumbidwira. Asilikali athu amene anatumizidwa ku Mozambique kuyambira 1987 ankaperekeza sitima za katundu pa njanji ya Nacala m'dera la nkhondo, momwe bomba lokwiriridwa pansi kapena adani obisala ankatha kuwapeza pa kilomita iliyonse, ndipo ena sanabwerere. Kumalo kotero munthu mmodzi wochedwa kapena wotsutsa lamulo amaphetsa anzake. Meja wanuyo anakhala zaka zambiri akudziwa kuti kufewa kumabweretsa maliro, ndipo palibe amene anamukhazika pansi pa tsiku lopuma kumuuza kuti pabwalo la mudzi anthu amamvera zimene akambirana nawo, osati zimene auzidwa.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, choncho nkhaniyi musayambire pa msonkhano wa anthu onse, pamene munthu wa ulemu wake angaone ngati mukumuvula. Apite amfumu, shehe kapena abusa amene iwo amawalemekeza, ndi mkulu mmodzi wa asodzi, akawapeze kunyumba kwawo. Ndipo akalankhule nawo m'chinenero chimene msilikali amachimva, chomwe ndi mbiri ya gulu lawo lomwe. Amalawi timanyadira asilikali athu osati chifukwa choti ndi oopsa, koma chifukwa choti pa nthawi zimene akanatha kulanda zonse anasankha kugonjera lamulo. Mu Disembala 1993, apayoniya atapha asilikali ku Mzuzu, gulu la nkhondo linawalanda zida pa Operation Bwezani, boma la Kamuzu lili lofooka, koma linabwerera ku balakisi n'kulola chisankho cha 1994 kuchitika. Mu Epulo 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira, asilikali motsogozedwa ndi General Henry Odillo anaima pa zimene malamulo amanena, ndipo Joyce Banda analumbiritsidwa. Mu 2019 ndi 2020, pansi pa General Vincent Nundwe, anateteza anthu ochita zionetsero m'misewu m'malo mowabalalitsa. Meja aliyense wopuma amazidziwa zimenezi ndipo amazinyadira. Auzeni kuti chimene mukuwapempha ndi chomwecho pa gombe lanu laling'onolo: kuti mphamvu yawo ikhale pansi pa malamulo a komiti ndi ulemu wa amfumu.

Pambuyo pake konzani zooneka ndi maso. Malamulo a komiti ndi zindapusa zake alembedwe pa pepala lalikulu, likhomedwe pamalo ogulitsira nsomba, kuti wolakwa ndi wolanga onse aziwerenga chimodzi. Mlembi ndi msungichuma akhale anthu oima paokha, ndipo pa msonkhano wapampando azilankhula pomaliza, amayi ogula ndi kuyanika nsomba atanena kale zawo. Ofesala wabwino aliyense anakhalapo ndi Sajeni Meja womuuza zoona kuseri, ndipo sindikukayika kuti bambowa akudziwa phindu la munthu wotero. Akakana zonsezi n'kubwerezanso chilango cha pathupi, pamenepo muli ndi ufulu woitanitsa chisankho china kudzera kwa mlangizi wa za usodzi, ndipo mamendulo awo asakuchititseni mantha. Chimodzi chokha ndiwonjezere kwa a pabanja pawo: ngati ukaliwo umafikanso kunyumba, limodzi ndi kusowa tulo, kudzidzimuka usiku kapena kumwa mopitirira, chimenecho chingakhale chilonda cha nkhondo chosaoneka, ndipo kuchipatala cha boma kuli anthu a zaumoyo wa maganizo amene amathandiza.

FUNSO: Ndine mtsikana wa zaka 20, ndinakhoza bwino MSCE, ndipo ndimasirira asilikali a pamadzi amene ndimawaona kuno. Ndikufuna kudzakhala ofesala. Bambo wina wandiuza kuti ndimutumizire K200,000 pa foni kuti dzina langa lilowe pa mndandanda. Nditani? Mtsikana wa ku Monkey Bay.

YANKHO: Mwanangu, usatumize ngakhale tambala imodzi, ndipo nambala ya bamboyo ukaipereke kupolisi. Malawi Defence Force ikafuna anthu imalengeza poyera m'nyuzipepala ndi pa wailesi, imatchula zaka ndi maphunziro ofunika pa ulendo umenewo, ndipo kulembedwa n'kwaulere. Ofuna usilikali wamba ndi ofuna uofesala amaitanidwa mosiyana, ndipo a uofesala amafunsidwa maphunziro okwererapo, choncho ngati mpata wopitiriza sukulu ulipo usautaye podikira chilengezo. Osankhidwa amapimidwa thupi, amayesedwa kuthamanga ndi nzeru, kenaka amakaphunzira ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, ndipo wopambana maphunziro a uofesala amayambira pa Second Lieutenant. Akazi anayamba kulembedwa usilikali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo lero alipo maofesala achizimayi, kotero kukhala mtsikana si chopinga. Yamba kuthamanga m'mawa uliwonse, usunge bwino satifiketi ndi chiphaso chako cha unzika, ndipo udziwe kuti ukalowa sudzasankha wekha kokagwira ntchito, pakuti angakutumize ku Chilumba kapena ku Congo m'malo mwa kunyanja kwanuko.

FUNSO: Ndimaphunzitsa mbiri pa sekondale ina pa boma pano. Chaka chilichonse ndimapita ndi ophunzira pa nsanja ya wotchi ndi pa mfuti yaikulu ija pafupi ndi mlatho, koma mayina onse amene timawerenga ndi a azungu. Mwana wina anandifunsa ngati kulibe Mmalawi amene anachitapo chamuna pa nkhondo. Ndiwauze za yani? Mphunzitsi wa ku Mangochi boma.

YANKHO: Aphunzitsi, mwanayo anafunsa funso labwino, ndipo yankho lake liyambire pa mfuti pomwepo. Mfutiyo inali pa sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Kupambana kumeneko kunatsegula nyanja yonse kwa Angerezi, ndipo Fort Johnston inasanduka khomo lomwe asilikali, chakudya ndi zida zinkadzera popita kumpoto. Amene ananyamula katunduyo pamutu anali makolo a ana mukuwaphunzitsawo. Pa nkhondo ya Chiwaya, yomwe ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga oyandikira 200,000, ambiri mwa iwo ogwidwa mokakamiza, ndipo osawerengeka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo. Mu 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomereza poyera kuti Aafirika ochuluka amene anafa pa nkhondoyo sanakumbukiridwe ndi mayina monga anachitira ndi azungu. Auzeninso kuti Cobbe Barracks ya ku Zomba ili ndi dzina la Alexander Cobbe, amene analandira Victoria Cross pa nkhondo ya ku Erego ku Somaliland mu 1902 akulamulira asilikali a kuno, ambiri mwa iwo Ayao, omwe mayina awo sali pa chipata chilichonse.

Ngati akufuna dzina limodzi la masiku ano, apatseni la Chancy Chitete. Iye sanali ofesala, anali msilikali wamba wa gulu la Malawi losungitsa mtendere kum'mawa kwa Congo. Mu Novembala 2018, pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF kufupi ndi tauni ya Beni, anaona Kopolo wa ku Tanzania, Ali Khamis Omary, atavulala pamtetete, ndipo anachoka pomwe anabisala, namukokera pamalo otetezeka, n'kuomberedwa akumupatsa chithandizo choyamba. Omary anapulumuka, Chitete anafa, pamodzi ndi Amalawi ena asanu amene anatsala pa nkhondo imeneyo. Mu Meyi 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu koposa wa asilikali osungitsa mtendere, ndipo Chitete anali woyamba kuilandira pambuyo pa Diagne mwini, Msenegali amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994.

Koma ntchito imene ingawapindulire kwambiri ndi yoti mayina osowawo awafunefune okha. Pa tchuthi, wophunzira aliyense afunse m'mudzi mwake, kwa Mponda, kwa Jalasi, kwa Makanjira kapena kwa Nankumba, za munthu amene anapita ku Keyala kapena ku Malawi Rifles, alembe dzina, nambala ngati ilipo, kumene anamenya nkhondo ndi mamendulo amene anasiya. Asaiwale kufunsa zimene munthuyo anachita atabwerako, chifukwa ambiri anadzakhala madalaivala, amesinjala a pa boma, akapitawo a m'maesiteti a fodya a ku Namwera, nduna za mafumu ndi atsogoleri a magulu a beni, gule amene mayendedwe ake ndi maudindo ake anachokera pa perete wa asilikali. Akazi amasiye ndi ana aakazi ndiwo kawirikawiri amasunga mapepala, choncho ayambire kwa iwo. Zolembazo muzisonkhanitse m'buku limodzi, kope lina mukalipereke ku Lake Malawi Museum, yomwe ili pafupi ndi nsanjayo, ndipo muwapemphe a khonsolo kuti pa mwambo wa Novembala ukubwerawu ophunzira anu apatsidwe mphindi zowerengera mayinawo mokweza, mudzi ndi mudzi.